Rimoti yakana, galimoto ndi yokiya: musanatole mwala, yesani izi

Tinali ku chinkhoswe ku Ntcheu, kumudzi ndithu kosiya tala patali. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kutsanzikana, ndinapita pansi pa mtengo wa mango pomwe ndinaimika ka Vitz kanga. Kudina rimoti, zii. Kudinanso mwamphamvu ngati kuti mphamvu za chala n'zimene zimatsegula, zii. Posakhalitsa anthu anandizinga. Wina wabweretsa waya woyanikapo zovala, wina akuti tilowetse supuni pagalasi, alamu anga atola kale mwala akungodikira ndigwedeze mutu. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika wa pafupi anati, "Bambo, tabwerekeni kiyiyo." Anaitembenuza, n'kukankha kakanthu kakang'ono ndi chikhadabo, n'kusolola kiyi wachitsulo m'kati mwa rimotiyo. Zaka ziwiri ndikuyenda ndi galimoto imeneyo, osadziwa kuti m'thumba mwanga muli makiyi awiri m'chimodzi.

Galimoto zambiri zomwe tikuyendera masiku ano ndi zochokera ku Japan, zolowera ku Dar es Salaam n'kudutsa pa Songwe: Vitz, Passo, Sienta, Axio, Fielder, Honda Fit, Nissan Note, Mazda Demio. Zimabwera ndi kiyi mmodzi, buku lake la Chijapani, ndipo wogulitsa amangokuonetsani podina. Zotsalazo mumaziphunzira tsiku la tsoka. Tiyeni tiziphunzire lero.

Yambani ndi anthu, galimoto pambuyo

Ngati muli m'tauni, pa sitolo kapena pamalo oimika galimoto, pitani kaye kwa mlonda mumuuze kuti galimoto ndi yanu ndipo yakukanani. Musazitenge mopepuka. Munthu wowerama pa chitseko cha galimoto ndi kachitsulo m'manja amaoneka ngati wakuba, ndipo tonse tikudziwa mmene gulu la anthu limachitira likamva mawu akuti "wakuba". Laisensi yanu ikhale pafupi. Mukakhala ndi chithunzi cha mapepala a galimoto pafoni, ndiye bwino kwambiri.

Kenako zungulirani galimoto, mukoke chitseko chilichonse ndi buti yomwe. Zimachitika kuti kamota ka loko wa chitseko chimodzi kanafooka kalekale, chitsekocho sichikiyika, inu osadziwa. Lero chilema chimenecho chikupulumutsani.

Wafa ndani, rimoti kapena galimoto?

Funso ili ndi lomwe likuuzeni njira yoti mutsate. Dinani batani lililonse pa rimoti uku mukuyang'ana kanyali kake kofiira, ngati ili nako. Dzuwa likakhala lowala, phimbani ndi dzanja. Kanyali kakapanda kuyaka, kapena kakayaka mofooka, vuto ndi kabatire ka m'rimoti. Kakayaka bwinobwino koma galimoto osayankha, mahazadi osaphethira, kaikirani batire la galimoto kapena china chake chimene chikusokoneza mafunde.

Kabatire kofooka kamakhala ndi kamphamvu kotsalira, choncho musafulumire kutaya mtima. Gunditsani rimoti pa chogwirira cha chitseko cha dalaivala, kapena pagalasi lake, ndiye mudine. Itulutseni m'chikwama ngati yagona pamodzi ndi foni, laputopu kapena ndalama zachitsulo, chifukwa zimenezi zimatchinga mafunde. Nthawi zina vuto ndi malo: pafupi ndi nsanja ya wailesi kapena ya mafoni rimoti imatha kugontha, mukachoka pamalopo n'kuyambanso kumva. Abale athu a ku Johannesburg amadziwa china choposa apa: kumeneko akuba amayenda ndi tizida totsekereza mafunde kuti mukadina galimoto isakiyike, inu n'kumapita muli phee kuganiza kuti mwatseka. N'chifukwa chake kumeneko munthu akadina rimoti amakokanso chitseko asanachoke. Chizolowezi chabwino chimenecho, tichitengere.

Kiyi wobisika

Tembenuzani rimoti, muiyang'anitsitse kumbuyo ndi m'mbali, makamaka chakumapeto komwe mumakolekako mphete ya makiyi. Mupeza kabatani kapena kotsetsereka kakang'ono. Pa ma Toyota ambiri kali m'mbali, pena palembedwa PUSH. Pa Nissan, rimoti yooneka ngati dzira ija, kali kumbuyo. Kankhani kapena tsetsereketsani ndi chikhadabo, musasiye, uku mukukoka kumutu kwa mphete. Kiyi wachitsulo atuluka, wopyapyala, wopanda mutu waukulu. Ngati kiyi wanu ndi wopinda uja wotumphuka mukadina batani lasiliva, ndiye kuti nkhani yatha kale, chitsulo chija n'chomwecho.

Akakanirira chifukwa cha thukuta ndi fumbi la zaka zambiri, mugwedezeni pang'onopang'ono. Osaluma ndi mano, osamenya pamwala.

Bowo la kiyi lili pa chitseko cha dalaivala, kumanja kwa galimoto zathu zino. Pa galimoto za ku Japan zomwe ndatchula zija limaoneka poyera, kumapeto kwa chogwirira kapena pafupi nacho. Koma pa zina, monga Volkswagen Golf zaposachedwa, analibisa ndi kachivindikiro ka pulasitiki kuti chitseko chioneke chosalala, ndipo anthu ambiri amalumbira kuti galimoto yawo ilibe bowo. Lilipo. Gwadani muyang'ane kunsi kwa kachivindikiro komwe kali kumapeto kwa chogwirira. Muona kamng'alu kakang'ono. Kokani chogwiriracho ndi dzanja limodzi, lowetsani nsonga ya kiyi m'kamng'aluko, mutukule mofatsa. Kachivindikiro kafwamphuka. Kaikeni m'thumba nthawi yomweyo, chifukwa kakagwera m'ngalande mudzakasaka mashopu onse a zipangizo osakapeza.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amathyolera kiyi, ndiye tiyeni tichedwepo. Loko ameneyu mwina sanapotokolepo chichokereni ku fakitale. Wamwa fumbi la m'misewu yathu, wanyowa ndi mvula zingapo, mwina ndi mchere wa panyanja pomwe galimoto inali m'sitima. Lowetsani kiyi mpaka afike kumapeto. Potokolani pang'ono mbali imodzi, ikakana yesani inayo, pakuti mbali yotsegulira imasiyana malinga ndi galimoto. Mukamva kulimba, lekani. Tulutsani kiyi, mupake mtovu wa pensulo mbali zonse ziwiri mpaka ade, mulowetse ndi kutulutsa kasanu kapena kakhumi, muyesenso. Mukapeza WD-40, mafuta ofayira aja omasula dzimbiri, kwa makaniko wapafupi, fayirani pang'ono m'bowomo, mudikire mphindi zingapo. Mafuta ophikira ayi. Lero atsegula, koma akakumana ndi fumbi amasanduka phala ndipo loko afa ndithu. Popeza kiyiyu alibe mutu wogwira bwino, pisani cholembera kapena msomali m'kabowo ka mphete kuti mupeze popotokolera, koma dzanja likhale lofewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kiyi akathyokera m'kati, vuto la mphindi zisanu lasanduka la tsiku lonse.

Chitseko chikatseguka, galimoto zina zimayamba kukuwa: hutala kulira, mahazadi kuphethira. Musadzidzimuke, ndipo n'chifukwa china chouzira mlonda poyamba paja. Galimoto inakiyidwa ndi rimoti, ndiye ikuona ngati wolowa ndi chitsuloyu ndi mlendo. Imakhala chete ikazindikira kiyi wake, kutanthauza mukailiza. Ku Ntcheu kuja alamu ya galimoto ndi alamu anga ankakuwa nthawi imodzi, wina kuti wakuba, wina kuti "ndimanena ine!" ngakhale mwala unali udakali m'manja.

Kuliza injini ndi rimoti yakufa

Mwalowa, mwakhala pampando, mwadina START, koma pa dashibodi pangoyaka kachizindikiro ka kiyi. Anthu ena amafika apa n'kuitana galimoto yodzakoka, osadziwa kuti atsala ndi sitepe imodzi. M'kati mwa rimoti muli kachipu kena komwe sikadalira kabatire konse. Kamalandira mphamvu kuchokera ku kawaya kozungulira batani la START, koma pokhapokha kakayandikira kwambiri, mogundana.

Onetsetsani kuti giya ili pa P. Pondani buleki mwamphamvu. Tengani rimoti yonseyo, mugunditse pa batani la START mbali yomwe kuli chizindikiro cha kampani, cha Toyota kapena H wa Honda. Mumva kulira kwa "piii", kapena kanyali ka pabatani kasintha. Musachedwe, dinani batanilo m'masekondi ochepa otsatira phazi lili pabuleki; mutha kudina ndi rimoti yomweyo. Injini ilira. Ikakana ulendo woyamba, tembenuzani rimoti muyese mbali inayo, kapena kumutu kwake.

Galimoto zakaleko, monga Nissan Tiida ndi Mazda Demio zina, zilibe batani koma chopotokola cha pulasitiki pamalo a kiyi. Pa zimenezi kiyi wachitsulo uja ndi amene amalowa: pena chopotokolacho chili ndi bowo pakati, pena mumafinya timabatani ta m'mbali mwake n'kuchizula, bowo n'kuonekera. Rimoti ikhale pafupi pomwepo pamene mukupotokola. Galimoto zina za Ford ndi za ku Ulaya zili ndi malo ake oikapo rimoti, m'mbali mwa chiwongolero kapena m'kabokosi ka pakati pa mipando, pena pojambulidwa kachithunzi ka kiyi.

Injini ikalira, musaizimitse chisawawa panjira. Mutha kuilizanso mwa njira yomweyi, inde, koma pitani molunjika kokagula kabatire.

Pali galimoto zomwe anaziika alamu yapadera kuno konkuno, yokhala ndi karimoti kakekake kolendewera pa makiyi. Imeneyo njira yogunditsa siithandiza, chifukwa imadula moto wa injini payokha. Nthawi zambiri amaika kabatani kobisika pansi pa dashibodi kozimitsira, ndipo wodziwa malo ake ndi amene anaiika. Ngati nambala yake muli nayo, imbani.

Likakhala batire la galimoto

Chizindikiro chake n'chosavuta: mwatsegula ndi kiyi wachitsulo koma nyali ya m'kati siyaka, dashibodi ili bii, hutala ili chete. Masiku ogona pa mzere wa mafuta aphunzitsa ambiri zimenezi: wailesi usiku wonse, mafoni atatu akutchajidwa, injini yozimitsa, m'mawa galimoto yauma. Batire la galimoto ndi la mavolti 12. Labwino lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6 injini ili yozima.

Moto ukatha, kiyi amatsegula chitseko cha dalaivala chokha. Zinazo mutsegule ndi dzanja muli m'kati, ndipo buti yamagetsi ikana. Kokani chotsegulira boneti, mupeze mnzanu wa galimoto ndi mawaya ojampira. Ndondomeko yake musaisokoneze: waya wofiira pa + ya batire lakufa, mbali inayo pa + ya batire lamoyo, waya wakuda pa − ya batire lamoyo, mbali yomaliza pa chitsulo chosapenta cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire. Lizani yamoyoyo, mudikire mphindi zisanu, kenako yesani yanu. Pochotsa muyambe ndi waya womwe munamaliza nawo. Za kukankha iwalani ngati galimoto ndi ya otomatiki. Anyamata adzangotuluka thukuta n'kukupemphani ya sopo pachabe.

Chinthu chimodzi chomwe chagwetsa anthu m'mavuto kawiri tsiku limodzi: moto ukangobwerera, galimoto zina zimadzikiya zokha, kwa! Inu muli ku boneti, rimoti ili pampando. Rimoti ikhale m'thumba lanu, kapena chitseko chikhale chotsegula, musanalumikize waya uliwonse.

Eni ma hybrid, galimoto zoyendera petulo ndi magetsi zija, batire lanu laling'ono la mavolti 12 silili komwe mukuliyembekezera. Pa Toyota Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo. Pa Prius ya 2009 mpaka 2015 lili m'buti, koma m'kabokosi ka mafyuzi ku boneti muli pojampira pokhala ndi kachivindikiro kofiira. Mawaya ochindikala a mtundu wa lalanje musawakhudze, amenewo ndi a moto waukulu.

Kusintha kabatire

Ntchito iyi ndi ya mphindi zitatu, simufunika makaniko. Mukasolola kiyi wachitsulo, pamalo pomwe wachokapo pamakhala kamng'alu. Lowetsani nsonga ya kiyiyo kapena sikuludiraiva yaing'ono yokulunga kansalu, mupotokole pang'ono, rimoti igawike pawiri. Chitani izi patebulo kapena pa chitenje choyala, osati chiimire pamchenga, chifukwa timabatani ta labala timagwa. Musanachotse kabatire kakale, jambulani ndi foni kuti mukumbukire mbali yomwe + inayang'ana.

Pa kabatirepo palembedwa nambala, ndipo ndi imene mukagule, osati "kofanana nako". CR2032, CR2025 ndi CR1632 ndi tomwe timapezeka kwambiri m'marimoti. Tonse ndi ta mavolti 3, kusiyana kwake ndi kukula, ndipo nambalayo ikunena zomwezo: CR2032 ndi mamilimita 20 m'lifupi ndi 3.2 kuchindikala, CR2025 ndi 20 ndi 2.5, CR1632 ndi 16 ndi 3.2. Mukaika CR2025 pamalo a CR2032 kamagwedera, lero kagwira mawa kakana. Mupeza kwa okonza mawotchi, m'mashopu a mafoni ndi makompyuta, ndi m'mafamase ena. Mukakhala kutali ndi tauni, CR2032 ndi komwe kamakhala m'sikelo zambiri zamagetsi zoyezera thupi, m'timakina tambiri toyezera shuga ndi m'kati mwa kompyuta ya patebulo. Mutha kubwereka kuti mufike kunyumba. Gulani kosindikizidwa m'pepala lake. Tomwe tagona padzuwa pa benchi miyezi yambiri timatha msanga, mudzangobwerera pomwe munali.

Kabatire ka rimoti ya galimoto yodina kamakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa rimotiyo imamvetsera galimoto usana ndi usiku ngakhale simukudina. Mukamaigoneka pafupi ndi TV, kompyuta kapena tchaja ya foni, kamatha msanga kuposa apo. Kakale mukachotsa katayeni kosafika mwana. Kamwana kakameza kabatire kotere, kamawotcha kum'mero m'maola awiri okha. Zikachitika, kuchipatala nthawi yomweyo, osayembekezera kuti katuluka kokha.

Rimoti yomwe yachapidwa pamodzi ndi buluku kapena yagwera m'madzi musaidine. Itseguleni, chotsani kabatire, pukutani, muiumitse pamthunzi tsiku lathunthu musanaikemo katsopano.

Kiyi ali m'kati, inu muli kunja

Iyi ndi nkhani ina, ndipo njira zachidule zimachepa. Galimoto zodina zinapangidwa kuti zizikana kukiyika rimoti ili m'kati, koma kabatire kakafooka, kapena rimoti ikakhala m'chikwama m'buti, galimoto siiona ndipo imakiya. Zambiri zimadzikiyanso zokha pakatha masekondi pafupifupi 30 ngati mwatsegula ndi rimoti koma osatsegula chitseko.

Ngati kunyumba kuli kiyi wachiwiri, tumani wa kabaza akatenge. Ndi njira yotchipa kuposa zonse. Ngati kulibe, itanani wodziwa za maloko a galimoto kapena makaniko wa zamagetsi. Wodziwa ntchito amalowetsa kathumba ka mpweya pakona ya pamwamba ya chitseko, n'kukapopa mpaka papezeke kampata, ndiye n'kupisa kandodo kachitsulo kukadina batani lotsegulira kapena kukoka chogwirira cha m'kati. Akakufunsani umboni woti galimoto ndi yanu musakwiye, ndiye kuti mwapeza munthu wabwino. Koma uja wobwera ndi masikuludiraiva awiri akuluakulu kuti akanule chitseko, muthokozeni apite. Chitseko chopindika sichibwerera. Mvula yonse madzi azilowa ndipo pamsewu mphepo iziimba likhweru kukhutu kwanu. Waya wopisa pakati pa galasi ndi chitseko unkagwira pa galimoto zakale zokhala ndi kachitsotso kokoka m'mwamba. M'zitseko za masiku ano mwadzaza mawaya a magalasi, a masipika ndi a maloko, ndipo waya wanuwo ukakola amenewo.

Mukafika poti palibiretu njira koma kuswa, musasankhe kagalasi kakang'ono ka pakona poganiza kuti n'kotchipa. Kawirikawiri n'komwe kamavuta kupeza ndiponso kuika, chifukwa pa galimoto zambiri n'komata. Galasi lotsika ndi kukwera la chitseko limapezeka msanga kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasula. Imbani kaye mufunse mtengo wa onse awiri musanamenye.

Mwana akakhala m'kati, zonse ndanenazi zisiyeni

Galimoto yotseka padzuwa imatentha mofulumira, madigiri pafupifupi 10 kuwonjezera m'mphindi khumi zokha, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Ganizirani mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kunja kuli kale 40. Ngati mwanayo ndi wamkuluko, mulankhuleni modekha, mumuonetse batani loti adine kapena chogwirira cha kutsogolo choti akoke. Ngati ndi khanda, kapena wayamba kufooka, kutuluka thukuta kwambiri kapena kusinza, iswani galasi osadikira aliyense.

Sankhani galasi la m'mbali lomwe lili kutali kwambiri ndi mwanayo. Lakutsogolo ayi: lili ndi pulasitiki pakati, limangong'aluka osagwa. La m'mbali limayoyoka tizidutswa ting'onoting'ono, koma pakati pake m'polimba modabwitsa, mwala umatha kungodumphapo. Menyani pakona ya m'munsi ndi chinthu chosongoka, monga nsonga ya sikuludiraiva yokhomedwa ndi mwala, kapena chomasulira matayala. Kulungani dzanja ndi malaya, chotsani zotsalira, tsegulani. Mwanayo mupite naye pamthunzi, mumuvule, mumupukute ndi madzi ozizira, ndipo ngati wafooka thamangani naye kuchipatala.

Zoti muchite madzulo ano pakhomo

Tengani rimoti, musolole kiyi wachitsulo, mukamuyese pachitseko galimoto ili pakhomo panu. Ndikulimbikira apa chifukwa galimoto zogula kunja zina zimabwera ndi rimoti yomwe m'kati mwake mulibe kiyi, kapena muli kiyi wosadula, kapena wa galimoto ina chifukwa rimoti inasinthidwa isanafike kwa inu. Zimenezi mukufuna muzidziwe muli pabwalo panu, osati usiku pa Zalewa. Akalowa n'kutsegula, muzimupotokola kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu kuti loko asagwire dzimbiri. Yesaninso kuliza mogunditsa rimoti pa START kuti dzanja lizolowere.

Kenako kadulitseni kiyi wachitsulo wina wopanda chipu. Sangalize injini, koma chitseko atsegula, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa galasi. Mumusunge m'chikwama cha ndalama kapena kwa akunyumba, osati m'galimoto momwemo. Mukafuna rimoti yachiwiri yathunthu, uzani wogulitsa kuti galimoto ndi ya ku Japan. Marimoti a kumeneko amagwira pa mafunde a 312 mpaka 315 MHz, pamene a ku Ulaya ndi ambiri a ku South Africa ndi a 433 MHz. M'bale atha kukutumizirani kuchokera ku Joni rimoti yofanana ndendende ndi yanu, chizindikiro chomwecho, mabatani omwewo, koma galimoto osaimva. Ndipo ikonzetseni pamene yoyambayo idakalipo, chifukwa kuphunzitsa galimoto kiyi watsopano onse atatayika ndi ntchito ina yodula kwambiri.

Rimoti ya Vitz yanga ija inapezeka kuti imadya CR1632. Ndinagula tiwiri: kena ndinaika, kena kali m'pepala lake kuseri kwa laisensi, ndipo tsiku lomwe ndinasintha ndinalilemba ndi cholembera pa kapepala komata m'kati mwa chivindikiro cha rimoti.